Ng'ombe Imodzi Pagoli

Zinayambira pa nkhope ya mkwatibwi.
Jenoveva akumwetulira pa sikirini,
mizere yobiriwira n'kuyamba kutsika pachipumi pake
ngati mvula ya m'malata obooka,
chophimba kumutu n'kusanduka timabokosi tofiirira,
fani n'kulira ngati chigayo cha kuseri kwa msika,
kenako zii. Mdima.

Ndinaiuzira m'mabowo ngati mbaula.
Fumbi la Ulongwe la zaka zisanu linandilowa m'mphuno.

Laputopu iyi ndinagula kwa mnyamata wa ku migodi ya Moatize
ntchito itamuthera.
Anati, "Ili ndi makadi awiri a zithunzi, achimwene,
yaikulu yokoka katundu wolemera,
yaing'ono yongoperekeza."
Sanandiuze kuti yaikuluyo ndiyo imayamba kutopa.

Ku Tete, kutsidya kwa mlatho,
Felizardo anaitsegula mimba thukuta likudontha pachibwano,
anaiwamba ndi mpweya wotentha,
anaipaka phala lotuwa.
"Mtovu wapansi pake wang'aluka.
Ndaiwotcha, idzuka, koma sindilumbira."
Bolodi yatsopano? Anatchula mtengo,
ine n'kuuwerenga m'matumba a mbatatesi, n'kusiyira panjira.
Ndinakwera chapa yobwerera nditaifungatira pamiyendo.
Inakhala moyo masiku asanu ndi anayi.
Tsiku lakhumi, mkwati nayenso anabiriwira.

Usiku umenewo ndinakumbuka bambo anga
pa msewu wa ku Domwe,
ng'ombe yawo yamphamvu itagwada m'matope.
Sanaikwapule.
Anaimasula, anatsitsa matumba atatu,
mbali inayo ya goli anaisenza okha paphewa,
kang'ombe kotsalako kakukoka mopendekeka.
Tinafika nyenyezi zitatuluka, koma tinafika.

Ndiye ndinalowera khomo lakuseri,
kudina batani mobwerezabwereza isanadzuke bwino,
mpaka zilembo zinabwera zikuluzikulu
ngati za pabolodi ya kalasi yoyamba.
Pamndandanda ndinapeza dzina la kadi yaikulu,
dzina lalitali, lonyada, lodzaza manambala.
Ndinailetsa.
Inandifunsa m'Chipwitikizi ngati ndatsimikiza.
Chala chinayamba chaima kaye m'mwamba.
Eya, ndatsimikiza. Kapume.

Ndinaitsekeranso njira yodzikonza yokha,
pakuti ikangonunkhiza netiweki
imakadzutsa wodwalayo kuti tiye kumunda,
mizere n'kubwerera.
Zimenezi ndinaphunzira Lachitatu, ndi misozi,
theka la ukwati litapita.

Tsopano kaing'ono kaja kakukoka kokha.
Kanema wa maola awiri amapsa usiku wonse.
Ndimaikweza pa zitsekerero zinayi za mabotolo
kuti mphepo idutse kunsi,
zenera ndimasiya pululu,
chisanu cha Juni chilowe chigwire ntchito yaulere,
ine nditafunda bulangete mpaka m'makutu,
diso limodzi pa kamzere koyenda ngati nkhono,
lina pa mayunitsi a pa mita.
Makumi asanu ndi limodzi pa zana.
Galu wa a Kwenda auwa.
Makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi.

Ndatsitsa matumba anga nanenso:
maluwa ozungulira m'mbali,
mitima youluka pa keke,
mayina othwanima ngati golide.
Zatsala nkhope, nyimbo za kwaya,
ndi amalume a mkwati akuvina tayi ili kumsana.

Loweruka anabwera awiriwo.
Amosi anaseka mpaka kugwira khoma.
Jenoveva anaonera mpaka kumapeto, manja pachifuwa,
ndipo anafunsa,
"Nanga mitima youluka ija,
ngati ya pa ukwati wa Rozita?"
Ndinati masiku ano anthu sakuikanso zimenezo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Analipira theka, lina akakolola nyemba.

Kadi yaikulu ikadali momwemo,
yozizira, pansi pa batani la kumanzere.
Nthawi zina ndimagusa pamenepo ndi chikhatho
kumva ngati yatenthako.
Ayi.
Ndimatseka chivindikiro, n'kuika m'chikwama,
n'kuisenza yonse, yogwira ntchito ndi yogona yomwe,
ulendo wa ku chinkhoswe cha ku Tsangano.